Kadimba ka kuseri kwa nyumba: zomwe azakhali a ku Mchinji anationetsa kuno ku Chipata

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kapata kuli kamalo ka mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Kwa zaka zambiri ndinkalimapo monga timalimira ambirife m'tauni muno: mabedi atatu a repu, limodzi la chainizi, ndi mzere wa tomato m'mbali mwa mpanda. Mbewu ya m'paketi, feteleza wa Compound D pobzala, yureya pobereketsa, nsabwe zikagwa m'masamba ndithamangire botolo la mankhwala. Ndiwo zinkapezeka ndithu, koma chaka ndi chaka nthaka inkanka ilimba, khasu n'kumachita kudumpha.

Mu Ogasiti 2024 azakhali anga a ku Mchinji anagona kwathu popita ku Kulamba ku Mkaika. M'mawa ndinawapeza ali chiimire m'dimbamo, chibuluma chili m'manja, akuyesa kuchifikisa ndi chala koma osatheka.

"Iwe mwana wa achimwene, nthaka iyi umaidyetsa chiyani?"

"Feteleza, azakhali."

"Fetelezayo amadya ndi repu. Ine ndikufunsa za nthaka."

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuyang'ana madimba a mbali zonse ziwiri za malire ndi diso lina, ndipo ndafika pokhulupirira kuti pa nkhani ya kadimba kakang'ono anzathu a ku Malawi anatipitirira.

Chifukwa chake si nzeru zobadwa nazo ayi, pajatu ndife amodzi, tonse timakagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Nkhani ndi malo. Zambia ndi yaikulu makilomita oposa 750,000 mbali zonsezonse, pomwe Malawi ndi pafupifupi 118,000, nyanja ili momwemo, koma chiwerengero cha anthu n'chosatalikirana: kalembera wathu wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, wawo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Munthu wa ku Mchinji kapena ku Dedza anazolowera kuti pamene waponda ndi pomwepo, palibe kwina kosamukira nthaka ikaguga. Onjezanipo kukwera mtengo kwa feteleza, makamaka kwacha yawo itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mupeza chifukwa chimene pakhomo pa azakhali sipatayidwa phulusa ngakhale lodzaza chikhatho.

Chimene anandiphunzitsa tsiku lomwelo ndi manyowa a Mbeya, amene kwawo afala kwambiri pomwe kuno ambiri sanawamvepo. Tinakapempha ndowe za mbuzi zouma kwa anzathu a ku Mchini, n'kuzisinja mpaka kusalala. Muyeso wawo unali makilogalamu 20 a ndowe, 20 a gaga, 10 a phulusa losefa ndi 10 a feteleza, kuwaza madzi okwana malita 5, ngakhale ena amasinthako pang'ono. Ankasakaniza ndi manja pasimenti, n'kumakanyanga pang'ono m'dzanja: chikagwirana koma osadontha madzi, ndiye kuti zakwana. Tinathira m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga kolimba kuti mpweya usalowe, kuliika pamthunzi pamwamba pa njerwa. Patatha masiku 21 ndinamasula, fungo lake ngati la mowa wosasa, n'kuyanika pamthunzi. Feteleza amene kale ankathera pa bedi limodzi anakwanira dimba lonse mpaka kutsalako.

Koma chachikulu sichinali Mbeya. Chinali dzenje la kuseri kwa bafa. Ife kuno timasesa masamba a mango n'kuwatentha madzulo aliwonse, utsi tolotolo komboni yonse. Azakhali ataona zimenezi anagwira pakamwa. Kwawo masamba, makoko a mtedza, zitosi za nkhuku, zotsala za kukhitchini, zonse zimapita m'dzenje kapena pa mulu umene amaumata ndi dothi, uja amati chimato. Chipata ndi kwawo kwa mtedza, Chalimbana amadziwika mpaka kutali, koma makoko ake timangowataya m'mbali mwa msewu. Zimenezi zimandipweteka mtima ndikaziona tsopano.

Pa mbewu napo tasiyana. Lowani m'madimba khumi a m'tauni ya Chipata, asanu ndi atatu mupezamo repu ndi chainizi basi, mizere yowongoka ngati ya ana a sukulu. Dimba la azakhali poyamba limaoneka ngati tchire. Mpiru apa, kamganje apo, bonongwe ndi luni zongomera zokha zomwe sazizula, mnkhwani ukuyanga pansi, chitambe m'mphepete, anyezi atazungulira bedi lililonse, tsabola wa kambuzi pangodya. Nsabwe zikagwira mpiru, banja limadya bonongwe. Ndipo pa bedi lililonse amasiya mitengo iwiri kapena itatu kuti ichite maluwa, njere zake n'kuzisunga m'kabotolo ka phulusa. Repu wa haibridi sungachite naye zimenezo, chaka chilichonse umayenera kubwerera kusitolo.

Apa ndinene chilungamo: kumidzi yathu ya ku Chadiza, Vubwi ndi Katete, agogo athu amalima chimodzimodzi ndi azakhali. Malire a pa Mwami sanadule nzeru imeneyi pakati. Amene tinaitaya ndife a m'tauni. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Lilongwe msuweni wanga wa ku Chinsapo, amene amakhala nyumba ya lendi yopanda ndi bwalo lomwe, anaitengera nzeruyo m'tauni: ali ndi matumba asanu a simenti odzaza dothi ndi manyowa, oboola m'mbali, mpiru ndi tanaposi zikutuluka m'mabowomo. Alangizi a zaumoyo kwawoko akhala akulalikira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi dimba la pakhomo mpaka mwana wa sukulu amaloweza.

Mayina okha ndiwo amatisokoneza. Azakhali atapita nane ku msika wa Kapata anamva amayi akuitanira chibwabwa, kalembula, bondwe ndi katapa, n'kumayang'ana uku ndi uku, chonsecho pa tebulo panali mnkhwani, kholowa, bonongwe ndi chigwada zomwe amadya tsiku ndi tsiku. Mawu a Chibemba analowa kale m'misika yathu. Mapeyala awo ife timati kotapela. Pa lumanda pokha anamva msanga, poti kwawo amati limanda.

Chaka chimene anabweracho chinali cha chilala choopsa. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 29 Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, amene anali pulezidenti wa Malawi nthawi imeneyo, naye n'kulengeza mu Malichi kwa maboma 23 mwa 28. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima tsiku lonse, mipopi nayo n'kumauma. Mabedi anga anali okwera, nyengo yamvula ndi yachilimwe chimodzimodzi, ndiye madzi a mu keni ankangotsetserekera m'njira. Azakhali anandikumbitsa mabedi olowa pansi, n'kuphimbira ndi udzu ndi makoko a mtedza. Madzi otsukuluzira mbale ndi osambitsira mwana, bola asakhale a sopo wambiri, ankapita ku mapapaya ndi nthochi. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinkathirira tsiku limodzi n'kudumphitsa lina, ndiwo osafota. Vuto la kuphimbira ndi chiswe, ndipo nyengo ya mvula uyenera kukwezanso mabedi, apo ayi mizu imawola.

Pali zina zomwe ife tili nazo bwino, ndipo sindingasinthanitse. Mapuloti ambiri kuno ndi otakasuka, moti pakhomo pamakhala mango, gwafa, kotapela ndi ndimu popanda kulimbirana ndi chimanga. Azakhali anadula mtengo wa mango umene anabzala malemu amuna awo chifukwa mthunzi unkawalanda mizere inayi ya chimanga, ndipo amaukumbukirabe. Mbewu zabwino ndi feteleza zimapezekanso mosavuta m'masitolo a kuno, n'chifukwa chake abale akabwera sabwerera opanda mapaketi a tomato ndi anyezi m'chikwama. Ndipo nzeru ya gliricidia ndi msangu yobwezeretsa chonde, imene a bungwe la COMACO ndi alangizi ena afalitsa kuno kum'mawa, ikugwira ntchito ngakhale pa kamalo kochepa. Ine ndinabzala gliricidia mitengo inayi ngati mpanda, ndimasadza masamba ake n'kukwirira m'mabedi.

Pamene tinatsutsana kwenikweni ndi pa nthochi. Ndinawapempha kuti ulendo wina adzanditengere ana a nthochi ya sukari, iwo anakana kwamtuwagalu. Matenda a chisaka anatha nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, mpaka dziko lomwe linkadya nthochi zake linayamba kugula za ku Tanzania ndi Mozambique. Matendawa amayenda ndi nsabwe komanso ndi mphukira zomwe anthu amapatsana mwachikondi, zikuoneka zabwinobwino. Kuno nako alipo, ndiye phata likayamba kutulutsa masamba opyapyala, oima njo ngati tsache, lizuleni lonse ndi mizu yomwe. Ndinakhumudwa tsiku limenelo, koma azakhali ankanena zoona, ndipo ndikupempha aliyense wodutsa pa Mwami kapena pa Chanida kuti asamanyamule mbande m'chitenje mozemba a zaulimi.

Tomato yekha watigonjetsa tonse. Kuchokera pamene kambozi ka Tuta absoluta kanalowa m'dziko muno mu 2016, kulima tomato pakhomo kwasanduka nkhondo, ndipo ku Malawi kulinso chimodzimodzi. Madzi a nimu ndi ombwe amathandiza pa nsabwe, koma pa kambozi kameneka ndimangothothola masamba ogwidwa m'mawa uliwonse n'kuwakwirira. Chimene ndimakana ndi kupopera lero n'kuthyola mawa, khalidwe lomwe ndaliona mbali zonse ziwiri. Chinanso chofanana ndi masikito otchingira nkhuku m'dimba. Akale ong'ambika palibe kanthu, koma atsopano a kuchipatala agonedwe ndi ana.

Mwezi wathawu ndinafutsa chitambe ndi mnkhwani wochokera pa kamalo komwe kaja ka mamita 6 ndi 4, n'kumanga zikwatu ziwiri m'masamba a msuku monga anandionetsera. Chimodzi chili pamwamba pa moto kukhitchini kudikira Okutobala. China ndinapatsira mlamu wanga amene amayenda pa njinga mpaka ku Mchinji, pamodzi ndi nsinjiro za Chalimbana zotendera. Azakhali anaimba foni madzulo ake kufunsa ngati ndasunga njere za mpiru uja.