Khomolo ndaliona, a Helme

Lero ndiye zandikwana, abale anga. Mayi wina wa nyumba kuno ku Tallinn, likulu la Estonia, tinamvana bwinobwino pa foni, lendi, tsiku lolowa, zonse. Ndafika, watsegula chitseko, wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti chipinda chatengedwa kale. Chatengedwa liti, mayi? Pomwe ndimakwera masitepe?

Ndidabwirenji? Dziko lino linakhalapo ndi nduna ya zachuma, Martin Helme, yemwe mu 2013 ananena pa TV kuti akakhala wakuda, musonyezeni khomo. M'malo momukhazika pansi, mu 2019 anamupatsa thumba la boma. Bambo akenso, a Mart Helme, anawapatsa unduna wa zam'dziko, womwe umayang'anira apolisi ndi mapepala a alendofe. Bambo ndi mwana m'kabineti imodzi! Ine ndimati za a Bingu ndi mng'ono wawo n'zathu tokha.

Chondipweteka n'chakuti madala amenewa, a Mart, kukhala kwa eni amakudziwa. Anali kazembe wa Estonia ku Moscow kuyambira 1995 mpaka 1999. Kaya kumeneko alipo anawauza kuti chipinda chatengedwa? Chipani chawo cha EKRE chinangopeza mipando 19 mwa 101 ya m'nyumba ya malamulo mu 2019, koma phokoso lake! Nduna yaikulu ya Finland panthawiyo, Sanna Marin, a Mart anamunena kuti ndi mtsikana wogulitsa m'sitolo, mpaka pulezidenti Kersti Kaljulaid anachita kupepesa kwa anzawo a kutsidyawo. Ngati mtsogoleri wa dziko amutchula choncho, nanga ine wa chikwama cha zakudya kumsana, njinga ikuterereka pa chipale chofewa, anditchula chiyani?

Inde ine, Abwana a dipuloma, amene pa Facebook mumawaona ataima pafupi ndi galimoto ya eni. Mu Disembala folo koloko isanakwane kunja kwada kale, zala sizigwira foni, kasitomala akulandira supu wake chitseko atangochitsegula pang'ono ngati kwabwera fisi. Moni m'basi? Ukapereka, munthu amasamuka mpando. Ufa wa nsima ndiye musandifunse mtengo. Anzathu ena akwathu nawonso, akangopeza chiphaso chokhazikika, Chichewa chimawavuta.

Musonyezeni khomo! Mu 2020 alimi a sitiroberi analira, zipatso zikuwonongeka m'minda chifukwa antchito a ku Ukraine sankaloledwa kulowa, a Mart Helme ali gwa, akuti alendo achuluka. Ndipo atatula pansi udindo mu Novembala chaka chomwecho, musaganize kuti chinali chifukwa cha ife ayi. Ananena pa wailesi kuti zisankho za ku America zinaberedwa, zimenezo ndiye zinawagwetsa. Boma lonse la Jüri Ratas linagwa mu Januwale 2021, Kaja Kallas n'kulowa. Nduna zinasintha, koma mayi wa nyumba uja palibe anamuuza.

Dzulo amayi aimba kuchokera ku Dedza, akufuna ya feteleza mvula isanagwe, ndipo mwana wanga Folomu 3 akudikira fizi. Ndawauza kuti kuno zonse zili bwino. Ndiwauzenso chiyani, nkhalamba ya BP? Sindinabwere kudzaba, msonkho ndimalipira ngati aliyense. Nyumba yanga kumudzi yafika pa windo. Malata akangokwera, mwana n'kulemba MSCE, tikiti ndigula ndekha, popanda wondiuza.