Chiphaso pakauntala ya mowa: ife, a ku Zambia, a ku Mozambique ndi a ku Joni

Loweruka lapitali ndinakhalira alamu anga pa bala yawo ku Area 25, iwo atapita kumaliro ku Dowa. Cha m'ma 4 koloko kunalowa mnyamata wamtali ndithu, tindevu titayamba kumera, nati akufuna magirini awiri. Ine ndinati, "Achimwene, tandionetsani chiphaso kaye." Bala yonse inafa nacho chiseko. Bambo wina amene ankasewera pool anaika ndodo pansi n'kunena kuti, "Mayi, kodi pano pasanduka pa banki?" Mnyamatayo anasolola chiphaso cha unzika monyinyirika. Nditawerengera zala kuchokera pa tsiku lobadwa, ndinapeza zaka 17, kutatsala miyezi inayi kuti akwane 18. Ndinamubwezera ndalama zake.

Anthu ambiri saganiza za ichi: chiphaso cha unzika chimaperekedwa munthu akakwana zaka 16, pamene mowa lamulo limati 18. Ndiye mwana wa Fomu 3 akhoza kukuonetsani chiphaso chenicheni cha ku NRB, nkhope yake yomwe, koma asanafike msinkhu. Kungoyang'ana chithunzi sikukwanira, muyenera kuwerenga chaka, mwezi ndi tsiku. Ku Zambia ndi ku South Africa nakonso chiphaso chimayambira pa 16, mowa pa 18.

Kwathu kuno chiphasochi n'chachilendo. Kalembera wamkulu anachitika mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa. Kuyambira pamenepo timachitulutsa paliponse: polembetsa simu, ku banki, pogula feteleza wotsika mtengo, pokalembetsa zovota. Palibe amene amakwiya. Koma chifunseni pa mowa, munthu amaona ngati mwamutukwana.

Ine geni yanga ndi yokaoda katundu kunja, choncho ndaonako za anzathu. A ku Zambia anatitsogolera kalekale, NRC yawo yobiriwira ija, chomwe ndi chiphaso cha unzika kumeneko, inayamba m'zaka za m'ma 1960, moti agogo, makolo ndi zidzukulu onse anakula nayo. Anatitsogoleranso poletsa mowa wa m'masacheti, umene iwo amati tujilijili, mu 2012. Ife tinatsatira mu 2015 nkhani n'kukakhalitsa m'makhoti, a ku Tanzania analetsa viroba zawo mu 2017. Komabe mukadutsa pa Mwami n'kukhala pa bala ya m'komboni ku Chipata, simuona kusiyana ndi kwa Mchesi. Wogulitsa amayang'ana ndalama ndi msinkhu wa thupi basi. Kumene ndinaona munthu akubwezedwa pakhomo chifukwa chosowa NRC ndi ku Lusaka, kumalo ovinira olowera ndalama.

Mozambique ndiye inandiphunzitsa kanthu. Kumeneko munthu sayenda wopanda chiphaso, chimene iwo amati BI, chifukwa wapolisi akhoza kukuimitsa pamsewu n'kuchifuna. Ife alendo timagona ndi pasipoti m'thumba. Koma pa mabaraka a ku Tete, timashopu ta m'mbali mwa msewu tomwe timagulitsa mowa wa 2M ndi Manica, sindinaonepo wogulitsa akuchifunsa. Chili m'thumba la anthu ambiri, koma palibe wochifuna. Apa m'pamene ndinasiya kukhulupirira zoti vuto lathu linali kusowa ziphaso.

Ku Joni zinthu n'zosavuta kwa wogulitsa. Nambala ya chiphaso chawo ili ndi manambala 13, ndipo asanu ndi limodzi oyambirira ndi chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa. Baunsa amangounikira ndi tochi, wadziwa kale. M'masitolo akuluakulu mowa waukali uli ndi chipinda chake, khomo lake, mlonda wake. Koma tisawatamande msanga. Pa 26 June 2022 ana 21 anafera m'bala ya Enyobeni ku East London, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 13. Eni balayo khoti linawapeza olakwa mu 2024 pa mlandu wogulitsa mowa kwa ana, ndipo chindapusa chake chinali R5,000 aliyense. Ndalama imeneyo bala yochita bwino imaipeza usiku umodzi.

Ndikaphatikiza zonsezi, ndimaona kuti chiphaso chimafunsidwa pamene pali khomo loti munthu angabwezedwe, komanso laisensi imene mwini malo akuopa kulandidwa. Nanga mowa wochuluka wa mu Lilongwe umagulitsidwira pakhomo lotani? Kachasu amaphikidwa kuseri kwa nyumba, masese amamwera pansi pa mtengo wa mango, timidoli tija tinalowa m'malo mwa masacheti tili pawindo la okala limodzi ndi machesi ndi sopo. Amayi ophika kachasu kuti apeze fizi ya ana simungawauze kuti aziwerenga tsiku lobadwa la kasitomala.

Ndiye palinso chathuchathu, kutuma mwana. Kamtsikana ka zaka 10 kamafika ndi botolo m'jumbo n'kuti, "Andituma ababa." Chiphaso chikuthandizani chiyani apa? Msinkhu wake mukuuona ndi maso. Chovuta n'chakuti ababawo ndi kasitomala wanu wa tsiku ndi tsiku, mumapemphera mpingo umodzi, ndipo mukakabweza kamwanako mawa lake mumva kuti mkazi uja ndi wonyada. Ine ndimati bola kunyadako. Mwana amene wazolowera njira ya ku bala ali ndi zaka 10, akafika 15 safunikanso womutuma.

Alamu atabwera kumaliro ndinawafotokozera za mnyamata uja. Anandifunsa kuti, "Wamtali, wovala jezi ya Silver?" Ndinati eya. Anapukusa mutu nati anakumana naye pakona, akuchokera pa shabini ya kuseri kwa chigayo, magirini awiri ali m'manja.