Mankhwala a kopa sathiridwa m'thanki ya nkhono ndi makorali

Dzulo m'mawa ndinaitanidwa kunyumba ina ku Randburg kumene ndimasamalira thanki yoweteramo nsomba za m'madzi amchere, ndipo zimene ndinakapeza zandipsetsa mtima mpaka pano. Nkhono zonse zinali zitagwa pagalasi n'kugona chagada pamchenga, ma shrimp awiri amene amatsuka nsomba anali atafa, tinkhanu tokhala m'zigoba tinali titatuluka n'kufera panja, ndipo makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zokhala pamiyala, zooneka ngati zomera) amene ndawalera kwa zaka ziwiri anali atayamba kusupuka. Chinachitika n'chakuti nsomba imodzi yokha inaoneka ndi timadontho toyera pathupi, bwana anathamangira kusitolo kukagula mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa), n'kutuma m'bale wathu wa ku Mangochi amene amagwira ntchito m'nyumbamo kuti awathire.

Abale anga amene mumagwira ntchito m'nyumba zokhala ndi mathanki otere kuno ku Johannesburg, ndimveni bwino: kopa salowa m'thanki mmene muli nkhono, nkhanu, ma shrimp kapena makorali. Ngakhale dontho limodzi, ayi. Mlingo umene umachiritsa nsomba, wa mamiligiramu 0.15 mpaka 0.2 pa lita imodzi, ndi chiphe chenicheni kwa tinyama topanda msana, ndipo timafa ngakhale mlingowo usanafike pamenepo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti kopayo amalowerera m'miyala ndi mumchenga n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi, kotero kuti ngakhale mutasintha madzi onse, nkhono yatsopano imene mungaikemo mawa idzafanso. Thanki imene yalawa kopa yasiya kukhala mudzi wa tinyama timeneti.

Ndikudziwa kuti munthu akaona nsomba yodula ikudzikanda pamiyala amagwidwa ndi mantha, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsomba zikadwala zimavuulidwa n'kukaikidwa m'thanki ina yapadera, yopanda miyala ndi mchenga, ndipo mankhwalawo amathiridwa kumeneko, osati kwina. Thanki yaikulu imatsala yopanda nsomba kwa milungu 6 kapena kupitirira apo, kuti kachilombo koyambitsa matendawo kasowe pokhala n'kufa kokha, uku nkhono ndi makorali zili moyo. Nanga chinavuta n'chiyani kundiimbira foni botolo lisanatsegulidwe?

Ifeyo a ku Malawi timadziwa mbuna za m'nyanja yathu, nsomba zolimba zimene zimagulitsidwanso m'masitolo a kuno, ndiye ena amaganiza kuti thanki ndi thanki basi. Si choncho ayi. Ano ndi madzi okhala ndi magiramu pafupifupi 35 a mchere pa lita, otentha madigiri 24 mpaka 26, amene timachita kusakaniza tokha chifukwa nyanja yamchere ili kutali, ku Durban. Ngakhale madzi a pampopi sitithira osawasefa ndi makina a RO, amene amachotsa zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo chimodzi mwa zimene timaopa ndi kopa yemweyu wochokera m'mapaipi a m'nyumba. Ndiye munthu amene amalipira ndalama kuti kopa wa m'mapaipi asafike m'thanki akagulenso kopa wa m'botolo n'kuthiramo dala?

Wogulitsa kusitoloko nayenso wandikwiyitsa, chifukwa sanafunse n'komwe kuti m'thankimo muli chiyani, anangolandira ndalama. Koma chimene chandisowetsa tulo n'chakuti bwanayo akuloza chala m'bale wathu uja, akuti anathira mankhwala ambiri, ndipo akufuna kumudula malipiro a mwezi uno. Mnyamatayo anathira mlingo umene anauzidwa, ndipo kwawo kuli ana amene akudikira ndalama yomweyo ya sukulu. Loweruka ndikupita kukachotsa miyala ija, ndipo nkhani ya malipiroyo ndikaiyankhula pamaso pa onse awiri.