Mafilimu a makauboyi oseketsa aja ndimawakonda, koma pali zina zimandiwawa

Amene munakula mukuonera Terence Hill ndi Bud Spencer bwerani kuno tikambirane pang'ono. Ine mafilimu a makauboyi oseketsa aja ndimawakonda mpaka lero ndipo ndikapeza wina akuwanyoza kuti ndi zachibwana ndimakangana naye, koma ndikawaoneranso pano ndili munthu wamkulu pali zina mtima wanga umakana, ndiye ndinena zonse ziwiri.

Tiyambe ndi They Call Me Trinity ya 1970 ija chifukwa ndi imene ambirife timaidziwa. Filimu ikungoyamba, munthu wagona pa kabedi kamitengo hatchi ikumukoka m'chipululu, malaya ong'ambika, fumbi thupi lonse, afika pa kamalo kodyera apatsidwa nyemba, iye kutenga chiwaya chonse kupukuta mpaka mbee. Basi, palibe amene wafa koma wadziwa kale kuti uyu ndi ndani. Ngwazi yake, Trinity (Terence Hill), ndi munthu wa njala, waulesi, wosasamba, ndipo mkulu wake Bambino uja (Bud Spencer) ndi wakuba mahatchi amene akunamizira kukhala sheriff, mkulu wa apolisi wa m'tauni. Woipa wake ndi amene wavala bwino, Major Harriman, wolankhula mwaulemu, amene akufuna kuthamangitsa alimi achipembedzo cha Mormon m'chigwa kuti adyetseremo mahatchi ake. Apa ndi pamene pali kukoma konse kwa ine. Munthu wosauka akaonera amadziona yekha, amaona wa nsapato zong'ambika akumenya mbama bwana wa suti, ndipo sufunika kumva Chingerezi kuti useke, nchifukwa chake mu ma video show ngakhale mwana wa sitandade 2 ankatsatira nkhani yonse bwinobwino.

Ndewu zake nazo, abale. Asanafike mafilimu amenewa, makauboyi a ku Italy anali a magazi okhaokha, kuyambira A Fistful of Dollars ya Sergio Leone ndi Clint Eastwood mu 1964, anthu kugwa ngati nsabwe filimu iliyonse, mpaka pofika 1970 oonera anali atayamba kutopa nazo. Ndiye Enzo Barboni, amene anatsogolera kujambula Trinity, anabwera nkusintha, mfuti ikhalepo koma ntchito yaikulu igwiridwe ndi makofi, zibakera, mipando ndi ziwaya. Bud Spencer amangomenya munthu chibakera chimodzi pa liwombo ngati akukhoma msomali, Terence Hill akudumphadumpha uku akumwetulira, ndipo pamapeto aliyense amadzuka akugwira mutu, palibe maliro. Anthu amaona ngati nzophweka koma taonetsetsani ndewu yomaliza ija ya m'chigwa, anthu ambirimbiri akumenyana nthawi imodzi koma diso lako silisochera, umadziwa amene wamenya ndi amene wagwa, imeneyo ndi ntchito ya anthu odziwa zimene akuchita. Ndipo thupi lija la Bud Spencer silinali la mafuta okha ayi, dzina lake lenileni ndi Carlo Pedersoli, anali katswiri wosambira, anaimira Italy ku Olympics mu 1952 ndi 1956. Terence Hill naye ndi Mario Girotti, onse ndi aku Italy, filimu yake anajambulira ku Italy komko osati ku America, maina achizungu aja anangotenga kuti malonda ayende.

Tsopano zimene zimandiwawa.

Choyamba, taonani amene tikumuseka. Munthu wa ku Mexico mu mafilimu ambiri amenewa ndi chigawenga chonyansa, chaphokoso, chopusa, mano akuda, chimangoseka mokuwa nkumenya anthu opanda chifukwa. Mu Trinity muja muli Mezcal ndi gulu lake, ntchito yawo nkubwera kudzadya za alimi nkumenyedwa basi. Tili ana tinkaseka osaganiza kalikonse, koma ife anthu akuda tikudziwa bwino mmene mafilimu akale ankationetsera, otuzula maso, amantha, onyamula katundu wa mzungu, ndiye sindingaone mtundu wina ukuchitidwa zomwezo ine nkumati palibe vuto. Pomwe zoona zake nzoti ntchito yeniyeni ya ukauboyi, kukwera hatchi nkumaweta ng'ombe ndi chingwe chija, azungu a ku America anaiphunzira kwa anthu a ku Mexico omwewo.

Akazi nawo ndiye musanene. Atsikana awiri a Mormon aja alipo kuti Trinity awasirire ndi kuti tiseke nkhani ya mitala, alibe maganizo awoawo, alibe chimene akufuna pamoyo, kungomwetulira basi. Filimu yonse ukhoza kuwachotsa nkuikapo ena osazindikira nkomwe. Cat Ballou ya 1965 inayesako, Jane Fonda ndiye mwini nkhani, mtsikana wofuna kubwezera imfa ya bambo ake, koma ngakhale pamenepo amene anthu amamukumbukira ndi Lee Marvin woledzera pa hatchi uja, ndipo mphoto ya Oscar inapita kwa iyeyo.

Koma chachikulu chimene chimandisowetsa mtendere ndi nkhani ya malo. Filimu imatiuza kuti alimi osauka akulandidwa chigwa ndi munthu wolemera, ife nkukhala mbali ya alimi, chabwino. Nanga chigwacho alimiwo anachipeza chopanda anthu? Eni nthaka, amene mafilimu amawatchula kuti ma Indian, ali kuti? M'mafilimu oseketsawa mwina kulibiretu, mwina ndi anthu a nthenga kumutu ongokuwa kuti ngwazi iwaphe ife tiseke, ngati mu The Paleface ya Bob Hope ya 1948. Pomwe mbiri yake ndi yolira. Mu 1830 boma la America linakhazikitsa lamulo lochotsa mitundu imeneyi m'malo awo, a Cherokee anayendetsedwa ulendo umene anthu masauzande anafera m'njira, ndipo mu 1890 ku Wounded Knee asilikali anapha anthu a Lakota mazana kuphatikizapo amayi ndi ana. Zimenezi zinkachitika m'zaka zomwezo zimene makauboyi athu akudya nyemba. Munthu wochokera ku Thyolo kapena Mulanje amene akudziwa mmene malo a makolo anapitira ku ma esiteti sangamve nkhani imeneyi ngati yachilendo.

Filimu imene inalimba mtima kukhudza bala ndi Blazing Saddles ya Mel Brooks ya 1974, ndipo ine ndimaipatsa ulemu. Andale akuba akufuna tauni ya Rock Ridge ichoke kuti njanji idutse, ndiye akuganiza kuti akatumiza sheriff wakuda anthu atsankho aja athawa okha kapena amupha. Cleavon Little anasewera sheriffyo bwino kwambiri, wodekha, wanzeru kuposa tauni yonse, ndipo amene akusekedwa ndi atsankhowo osati iyeyo. Richard Pryor, wanthabwala wakuda wotchuka uja, anali m'gulu la olemba, ndipo zimamveka. Komanso sheriff wakuda si nthano ayi, akatswiri a mbiri amati mwa makauboyi anayi aliwonse pafupifupi mmodzi anali wakuda, ndipo kunali Bass Reeves, munthu wobadwira mu ukapolo amene anadzakhala deputy marshal, wapolisi wa boma wosaka zigawenga, woopedwa, koma Hollywood inawafufuta onsewa kwa zaka zambiri ngati kunalibe.

Ngakhale zili choncho filimu imeneyi sindingaionere ndi ana. Mawu otukwana anthu akuda aja amanenedwa kambirimbiri, ndikumvetsa kuti cholinga nkuonetsa kupusa kwa owanenawo, koma khutu langa limawawabe, ndipo pali ena amaonera nkumaseka mawuwo osati tsankholo. Muli nthabwala za kugwiririra akazi zimene sizinayenere kukhalamo ngakhale mu 1974, palibe chimene zikuphunzitsa, zangoikidwa kuti holo iseke. Ena amati masiku ano anthu mwangofewa mitima, simukudziwa nthabwala. Ine ndikukana. Nthabwala ya Trinity akumenya mbama munthu wodzitama ndi mfuti, kusolola mfuti, kubweza, kumenyanso mbama, imaseketsa lero ngati kale chifukwa womenyedwayo ndi wamphamvu wodzikuza. Nthabwala yoseka munthu amene ali kale pansi ndi imene yaola, ndipo inali yoola kuyambira tsiku loyamba, kungoti amene inkawapweteka panalibe wowafunsa.

Amene simunaonerepo yambani ndi Trinity ya 1970, kenako Trinity Is Still My Name ya 1971 imene ili ndi chigawo cha mu lesitilanti yapamwamba chija, anyamata awiri akudya ndi manja mabwana akuyang'ana kukamwa yasa. Mukatero mufunefune My Name Is Nobody ya 1973, Terence Hill ndi Henry Fonda, nyimbo za Ennio Morricone, imeneyo imaseketsa koma ili ndi kachisoni kake ka munthu wokalamba amene nthawi yake yatha, ndipo kwa ine ndi imene inaposa zonse. Ana anga Trinity ndimaonera nawo, koma Mezcal akangotulukira ndimaimitsa kaye nkuwauza kuti anthu a ku Mexico sali choncho, ndipo ndimawafunsa kuti chigwachi chinali cha ndani alimiwa asanabwere.