Poto wa enamel: yambani ndi wotchipa

Ndili ndi mapoto awiri achitsulo cholemera chija, okutidwa ndi enamel, chokutira chosalala chooneka ngati penti. Wina ndinagula ndi ndalama zochepa, winayo ndinachita kusungira ndalama miyezi yambiri. Onse awiri ndawaphikira zaka zingapo, ndipo anzanga akandifunsa kuti agule uti, ndimawayankha mosazengereza kuti ayambe ndi wotchipa. Ena amadabwa, poti amadziwa mmene ndimamukondera poto wanga wodula uja.

Mkati mwa mapoto onsewa muli chinthu chimodzimodzi: chitsulo chosungunula chimene anathira m'chikombole chamchenga. Chitsulo chimenechi chimachedwa kutentha, koma chikatentha sichizizira msanga, n'chifukwa chake nyama imafewa bwino pa moto wochepa. Tsiku lina ndinagawa nyama pawiri, zokometsera zofanana, moto wofanana, maola atatu. Kunyumba palibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kuloza kuti iyi yachokera mu poto wodula.

Kusiyana kuli pa enamel. Ambiri amayesa kuti ndi penti, koma ndi galasi loperedwa kukhala ufa, lopoperedwa pa chitsulo n'kuwotchedwa pa madigiri a Celsius pafupifupi 800 mpaka kumatirira. Galasi ndi chitsulo sizifutukuka mofanana zikatentha, ndiye luso lonse lagona pa kuzigwirizanitsa kuti zisalekane. Apa ndi pamene makampani akale amadyera. Le Creuset inayamba mu 1925 ku Fresnoy-le-Grand ku France, ndipo mapoto ake achitsulo amawaumbabe komweko. Staub inayamba mu 1974 m'dera la Alsace, ku France komweko. Mapoto ake ambiri ndi akuda mkati, ndipo kunsi kwa chivundikiro kuli timinga tating'ono timene timabwezera madontho a nthunzi pa chakudya. Ine ndimakonda mkati moyera, chifukwa ndimaona anyezi akusintha mtundu asanapserere.

Poto wanga wotchipa anabenthuka m'mphepete patatha zaka ziwiri, kachidutswa kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono. Pamalopo panayamba dzimbiri. Ndinatsuka, ndinaumitsa, ndinapakapo mafuta, ndipo mpaka lero akugwira ntchito. Kubenthuka kwa m'mphepete si vuto lalikulu. Koma akabenthuka pansi pamene pamakhala chakudya, musiyeni, musamumvere chisoni, chifukwa tizidutswa timene tikuchokapo ndi galasi.

Tsono chimene chinamubenthula ndikuchidziwa: ndinkagogoda supuni yachitsulo m'mphepete mwake ndikamaliza kutakasa. Pa poto yemweyu ndi pamene ndinaphunziranso kuti sumuika pa moto waukulu ali wopanda kanthu, suthira madzi ozizira ali wotentha, ndipo sumukwecha ndi chotsukira chawaya. Zinthu zimenezi zimaononga poto aliyense, ngakhale wa dzina lotchuka bwanji. Chitsimikizo cha zaka zambiri chimene makampani odula amapereka ndi cha zolakwika za kufakitale, osati za m'manja mwanu. Ndiye ngati munthu uyenera kulakwitsa pophunzira, ndi bwino ulakwitse pa poto amene sakugonetsa ndi njala.

Palinso nkhani ya kulemera, imene anthu saiganizira akamaona zithunzi zokongola pa intaneti. Poto wa malita 5 amalemera makilogalamu pafupifupi 5 ali wopanda kanthu. Mukathiramo msuzi, kumunyamula kuchoka pa moto kumafuna manja awiri ndi mphamvu. Ndikudziwa anthu amene anagula wodula, anaphikira kawiri, dzanja linawawa, lero poto ali pamwamba pa kabati ngati chokongoletsera. Zimandipweteka kwambiri ndikaona munthu atalowa m'ngongole kuti agule mapoto anayi amtundu umodzi asanadziwe n'komwe ngati kaphikidwe kotere kakumuyenera.

Mukamagula wotchipa, musangotola. Yendetsani chala mkati monse. Mukamva timabowo kapena totupa, mubwezeni. Ikani chivundikiro, chigwedezeni, muone ngati chikukhala bwino. Gwirani zogwirira ndi nsalu yokhuthala, poti ndi mmene mudzazigwirire poto akatentha, ndipo zina n'zazing'ono moti zala sizilowa. Yang'ananinso kachogwirira ka pa chivundikiro: kakakhala kapulasitiki, funsani kuti kamapirira madigiri angati mu uvuni, makamaka ngati mukufuna kuphikiramo buledi. Nthawi zambiri kamamangidwa ndi sikuluwu imodzi yokha, mutha kukasintha ndi kachitsulo.

Sindikunena kuti wodula ndi kutaya ndalama. Wanga ndi wopepukirapo pang'ono, zogwirira zake n'zazikulu, ndipo enamel yake ikadali yosalala ngati tsiku loyamba. Koma ndinamugula nditadziwa kale kukula kumene ndimafuna, nditaona kuti poto wotere amakhala pa moto wanga kanayi kapena kasanu pa sabata, ndiponso manja anga atazolowera kumusamala. Ndinagula mmodzi yekha, ndipo sindikuganiza zowonjezera wina. Wotchipa uja, ndi bala lake m'mphepete, ndi amene ndimabwereketsa kwa abale akafuna kuyesa kaye asanagule wawo.