Agile si kugwira ntchito opanda pulani

Anthu oti "ife timagwira ntchito mwa agile" (kugwira ntchito m'zidutswa nkumasintha pulani zinthu zikasintha) achuluka pano pa Zomba, makamaka achinyamata a zamakompyuta ongomaliza kumene koleji ndi ena a m'ma NGO. Koma ukafunsa kuti pulani ili kuti amangoti tizionera konko. Ayi aise, kumeneko ndi kusakonzeka basi.

Amene anayambitsa agile anali anthu 17 olemba mapulogalamu a kompyuta, anakumana ku Snowbird, Utah mu February 2001, ndipo sananene kuti pulani itayidwe. Mfundo yawo inali yoti zinthu zikasintha nanunso musinthe, osakakamira pepala lomwe munasainirana chaka chatha. Mu Scrum, imodzi mwa njira za agile, ntchito mumaidula zidutswa, kawirikawiri masabata awiri koma osapitirira mwezi, pamapeto pake mumamuonetsa mwini ntchito chinthu choti chikugwiradi, osati lipoti, iye nkuloza palakwika kukonza kusanadule. Tsiku lililonse mphindi 15 kuuzana chomwe chakutsekereza, ndiye amati stand-up. Mwambo wake ndi wokhwima kuposa wa Gantt chart, tchati chija chondandalika ntchito zonse ndi masiku ake.

Nde taonani zathu kuno. November 2023 kwacha inagwa ndi 44%, bajeti yolembedwa mu June inangosanduka nthabwala, simenti, dizilo, ma laputopu zonse kukwera, koma ma projekiti ambiri anamangidwa pa logframe (ndandanda ya zolinga ndi zochita za projekiti) ya zaka zitatu yoti kungosuntha ndalama kuchoka mzere uwu kupita uwo mpaka kalata ipite ku Lilongwe, mwinanso kunja kwa a donor, idzabwere miyezi itapita. Timu ikhoza kupanga ma stand-up mpaka miyendo kutupa, ngati ilibe mphamvu yosintha chiganizo payokha palibe chikuchitika apo, ndi sewero.

Komanso tisanamizane kuti zonse zimatheka chonchi. App ya sukulu mukhoza kuisintha Lachisanu lililonse. Mlatho wa pa Likangala simungathire konkire theka nkumati tidikire kaye oyendapo anene maganizo awo. Kwa mainjiniya a zinthu zotere mpata wosintha umakhala pa design, khasu lisanalowe pansi: kusiya malo oti mudzaonjezere paipi kapena ma sola ena, kumanga m'zigawo zoti chimodzi chikafa muchotse chokhacho, kuwerengera madzi ngati a namondwe Freddy a March 2023 osati a mvula ya masiku onse. Zimenezi zimadula poyamba, nchifukwa chake ndi zomwe zimayamba kufufutidwa pa BOQ (mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake) makontrakitala akamapikisana kutsitsa mtengo kuti awine tenda.