Inu otentha phiri la Mulanje, lekani!

Ana anga a ku Mulanje ndi ku Phalombe, tcherani khutu. Chilimwe chikangofika, phiri limayaka usiku wonse mpaka kuoneka kutali, ndipo moto umenewo sugwa kumwamba. Mumayatsa ndinu. Wina akufuna kalulu, wina akufula njuchi, wina wasiya uvuni wa makala ukufuka. Mukapeza chanu mumatsika osacheuka n'komwe.

Kodi mukudziwa chimene chimapsa m'mbuyo mwanumo? M'nkhalango za phirili muli kanadzikambe kena kakang'ono, kotalika pafupifupi chala, ka mchira waufupi, kofiirira ngati tsamba louma. Akatswiri amakatchula Rhampholeon platyceps, ndipo anakalemba m'mabuku mu 1893. Kwawo ndi ku Mulanje ndi ku Mchese basi. Masana kamakhala pansi m'masamba ofota, kusaka tizilombo. Kukada kamakwera pakanthambi kam'munsi, n'kugwira ndi timiyendo take, n'kugona. Gwape akamva utsi amathawa, mbalame imauluka, koma iko, ndi kuyenda kwake kodziwika kuja, kathawira kuti? Makolo ankasimba kuti munthu atapeka moto koyamba n'kutentha tchire, nadzikambe anapulumukira pamwamba pa mtengo. Aka sikakwera patali chotero. Kamapsera pomwepo pamodzi ndi mazira ake.

Alipo mnzake wokulirapo, Nadzikambia mlanjensis, wokhala m'mitengo ya kuchigwa cha Ruo. Nayenso kulibe kwina padziko lonse. Mukagwetsa mtengo wa makala, mwagwetsa nyumba yake.

Musanene kuti n'kachilombo chabe. Mkungudza munkati sungathe, lero uli kuti? Nkhalango yomwe imasunga nadzikambe ndi yomwenso imagwira dothi ndi kusunga madzi a Ruo ndi Likhubula amene mumamwa. Amene anaona miyala ndi matope zikutsika m'phiri nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 sangaseke nkhani imeneyi. Phirili linatetezedwa ndi boma kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Ife eni ake n'kumalitentha chifukwa cha kalulu mmodzi, manyazi tilibe kodi?

Inunso makolo, lekani kuombera m'manja ana akamagenda nadzikambe kapena kumuthira fodya m'kamwa. Alibe ululu, salodza munthu. Mafumu, otentha tchire mukuwadziwa mayina, ndi ana a m'midzi mwanu momwemo. Aitaneni pabwalo chilimwe chisanafike.